Madzi a ku Senga Bay si a ku Nacala: zoyezera zomwe mukufunika musanaike korali m'thanki

Munthu wa kuno ku Salima akafuna kuweta mbuna m'thanki yagalasi, za madzi sizimudetsa nkhawa. Amanyamula chigubu, kutsikira kugombe, kutunga, kubwerera. Nsombazo zinabadwira m'madzi omwewo, ndiye palibe chozidabwitsa. Ku Kambiri, komwe malemu Stuart Grant anakhazikitsa ntchito yotumiza nsomba zokongola za m'nyanja yathu kumayiko akunja, mbuna zakhala zikunyamuka kwa zaka zambiri kupita ku Ulaya, ndipo ogula kumeneko amatuluka thukuta, kugula mankhwala ndi zoyezera, kuti apange madzi ofanana ndi omwe ife timachapira zovala. Takhala tikuwaseka. Koma mukangoganiza zoweta makorali (tinyama ta m'nyanja yamchere tomwe timamera pa miyala ngati zomera) ndi tinsomba ta m'nyanja yamchere muli pa Kamuzu Road kapena ku Lifuwu, wosekedwa mumakhala inu. Nyanja yamchere yomwe tayandikana nayo ili ku Mozambique, uko ku Nacala ndi ku Beira. Madzi ake muyenera kuwapanga nokha, m'ndowa, ndipo maso sangakuuzeni ngati mwapanga bwino.

Nkhaniyi yabwera chifukwa cha mphwanga yemwe amasamalira mathanki a mbuna pa malo ena ogona alendo ku Senga Bay. Abwana ake anaona thanki ya makorali ku Johannesburg, mtima unawagwa, ndipo anamuuza kuti alembe zonse zofunika kugula. Ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha makiti oyezera madzi oposa khumi, ena otsika mtengo, ena oti ndalama yake mungagulire mbuzi, nkundifunsa kuti, "Achimwene, zonsezi n'zofunikadi, kapena akungofuna atidyere?" Yankho lalifupi ndi lakuti zina n'zofunika lero, zina zidzafunika pakatha miyezi, zina mwina sizidzafunika konse, ndipo amene amagula zonse tsiku limodzi amapeza theka la mankhwalawo atatha mphamvu asanawatsegule. Yankho lalitali ndi ili.

Tiyambe ndi msampha womwe umakola anthu a kunyanja kuno. Madzi a nyanja ya Malawi ali ndi pH (muyeso woonetsa ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi) yapamwamba, yozungulira 8, ndipo madzi a nyanja yamchere nawonso ali pafupi ndi 8.1 kapena 8.2. Alkalinity, kuchuluka kwa carbonate ndi bicarbonate zomwe zimateteza pH kuti isagwe, yomwe pa makiti ambiri imalembedwa KH, nayonso ndi yoyandikana modabwitsa: konsekonse imasewera cha m'ma 7 pa muyeso wake wa dKH. Choncho mukaviika kapepala koyezera pH ndi KH m'madzi a ku Senga Bay kenako m'madzi a ku Nacala, kangakuuzeni kuti ndi amodzimodzi. Bodza lake lili pa zomwe kapepalako sikayeza. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi magalamu 35 a michere yosiyanasiyana, pomwe lita ya madzi athu siyifika ngakhale theka la galamu. Calcium kumeneko ndi pafupifupi 420 ppm (mamiligalamu pa lita imodzi), kwathu kuno ndi cha m'ma 20. Magnesium kumeneko ndi pafupifupi 1,290 ppm, kuno siyifika 10. Zoyezera zomwe munazolowera pa mbuna sizonse zomwe zingakuperekezeni ku makorali, ndipo pa bokosi lililonse muyenera kuona kuti palembedwa kuti ndi la madzi amchere.

Choyezera choyamba kugula sichiyeza n'komwe madzi a m'thanki. Ndi kachipangizo konga cholembera kotchedwa TDS meter, komwe kamayeza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi omwe mukufuna kusungunuliramo mchere. Madzi a pampopi amakhala ndi klorini. A pamjigo, m'madera ena a m'mbali mwa nyanja muno, mumachita kuwamva mchere pa lilime, ndipo ngati pali chimbudzi kapena munda wothira feteleza pafupi amathanso kukhala ndi nitrate. A m'nyanja, makamaka mvula ikagwa Linthipe nkusefukira, amabwera ndi matope ndi zonse zomwe mtsinje wakokolola kumtunda. Mbuna zimapirira zimenezi, korali sapirira. N'chifukwa chake oweta makorali amasefa madzi ndi makina a RO/DI, ndipo TDS meter ndi yomwe imakuuzani ngati sefayo ikugwirabe ntchito: madzi otuluka ayenera kuonetsa 0, ndipo akayamba kuonetsa 1, 2, 3, nthawi yosintha zosefera yakwana. Mcherenso si wa kukhitchini ayi. Wa kukhitchini ndi sodium chloride basi, pomwe wa thanki ndi wosakaniza kale ndi calcium, magnesium, bicarbonate ndi zina zambiri, ndipo umachokera kunja. Thanki ya malita 200 imadya makilogalamu 7 kapena 8 pa kudzaza koyamba kokha.

Ndiye pamabwera mfumu ya zoyezera zonse, choyezera kuchuluka kwa mchere. Ndikuti mfumu chifukwa mchere ukalakwika, manambala ena onse amalakwika nawo limodzi. Madzi akakhala osukuluka, calcium imaoneka yochepa, magnesium yochepa, alkalinity yochepa, ndipo munthu amayamba kuthira mankhwala atatu osiyana pochiza matenda omwe mankhwala ake anali kungowonjezera mchere pang'ono. Mulingo womwe mukufuna ndi 35 ppt (magawo 35 a mchere pa magawo 1,000 aliwonse), womwe pa sikelo ina umalembedwa 1.026. Zipangizo zake zilipo za mitundu ingapo. Chotchipa ndi kabokosi kapulasitiki kokhala ndi muvi woyandama. Vuto lake ndi lakuti kathovu kamodzi kakamatirira pa muviwo, kapena mchere ukaumirapo, kamanena zake. Chomwe ndimalangiza ndi refractometer, chonga kachitoliro koonera patali: mumadontheza madzi pagalasi lake, kutseka, kuyang'ana kowala, nkuwerenga pomwe mzere wabuluu wathera. Siyifuna batire, siyifuna magetsi a ESCOM, siyifuna mankhwala.

Koma refractometer ili ndi chinsinsi chomwe ambiri amachidziwa nsomba zitafa kale. Zambiri zomwe zimagulitsidwa zinapangidwira kuyeza madzi a mchere wamba, osati a m'nyanja, ndipo mukaikonza kuti ionetse 0 pa madzi oyera, ikafika pa 35 imaphonya ndi ppt imodzi kapena kuposerapo. Njira yabwino ndi kugula kabotolo ka madzi oyezedwa kale a 35 ppt, ndipo nthawi ndi nthawi muzidontheza madziwo nkupotokola kasikuluwu mpaka mzere ukhale pa 35 penipeni. Kabotoloko n'kotchipa, ndipo n'komwe anthu amaiwala kuika pa mndandanda. Ngati mwasowa pogwira ndipo muli ndi sikelo yoyeza tinthu tating'ono molondola, magalamu 3.65 a mchere wamba wouma mu magalamu 96.35 a madzi oyera amapereka madzi omwe refractometer iyenera kuwawerenga 35. Ine ndemwe ndinakhalapo miyezi iwiri ndikukhulupirira refractometer yomwe inagwa pansi, ikundiuza 35 madzi ali cha m'ma 38. Ndinazindikira nditabwereka ya mnzanga.

Kuno kwathu mchere muyenera kuuyeza pafupipafupi kuposa anzathu a kumayiko ozizira, chifukwa cha dzuwa. Madzi amauluka, mchere suuluka. Thanki ya malita 200 ikataya malita 4, zomwe m'mwezi wa Okutobala zimatheka tsiku limodzi makamaka ngati mwaika fani pamwamba pake, mchere umakwera kuchoka pa 35 kufika pa 35.7. Masiku atatu osawonjezera madzi, mwadutsa 37. Ndipo powonjezera mumathira madzi oyera osefedwa, osati amchere. Pomwepa ndiikepo thermometer, yomwe anthu saiwerengera ngati choyezera madzi chifukwa n'njotchipa. Makorali amafuna madigiri 24 mpaka 26. Akakhala masiku angapo pa 30 kapena kuposerapo amalavula tindere tomwe timakhala m'thupi mwawo nkumawapangira chakudya kuchokera ku kuwala, ndipo amayera mbee ngati fupa. Ku Salima, m'nyumba yamalata yopanda siling'i, madigiri 30 ndi nkhani ya m'mawa. Mabuku a kunja amalankhula kwambiri za chotenthetsera madzi. Ife chotenthetsera chimagwira ntchito nthawi ya mwera yokha, pomwe miyezi yotentha nkhondo yathu ndi yoziziritsa. Gulani ma thermometer awiri a mitundu yosiyana. Akasiyana mawu, mudzadziwa kuti wina akunama.

Milungu yoyamba thanki imakhala yopanda nsomba, ndipo nthawi imeneyi ili ndi zoyezera zake. Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'makha ake, chakudya chotsala chikaola chimatulutsanso amoniya. M'nyanja yaikulu zimenezi zimasungunuka nkuiwalika, m'galasi zimaunjikana. Omwe amapulumutsa zinthu ndi mabakiteriya okhala pa miyala ndi mumchenga: gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nitrite, lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate. Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya okwanira, ndiye mumawadyetsa kaye, kaya ndi amoniya wa m'botolo wokwana 2 ppm, kaya ndi kachidutswa ka usipa wauwisi koti kaolere momwemo, nkumadikira. Kawirikawiri zimatenga milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, kapena kucheperapo ngati mwathira mabakiteriya ogula. Mumayeza masiku awiri kapena atatu aliwonse: amoniya amakwera nkutsika, nitrite imakwera pambuyo pake nkutsika, nitrate imayamba kuoneka. Amoniya ndi nitrite zikafika pa 0, thanki yapsa.

Amoniya m'madzi amchere ndi woopsa kwambiri chifukwa cha pH. Amakhala m'maonekedwe awiri, ena ofatsa, ena akupha, ndipo pH ikakwera ndi 1, gawo lakuphalo limachuluka pafupifupi kakhumi. Mulingo womwe nsomba ya m'madzi a pH 7 ingapirire, pa 8.2 ndi maliro. Posankha kiti ya amoniya, funani ya mtundu wa salicylate, yomwe imasintha kuchoka ku chikasu kupita ku kubiriwira, osati ya Nessler yomwe imachita mitambo m'madzi amchere ndipo imasokonezeka ndi mankhwala ochotsera klorini. Dziwaninso kuti makiti otchipa a salicylate amakonda kuonetsa kakubiriwira pang'ono, ngati 0.25, ngakhale amoniya mulibe. Njira yodziwira ndi kuyeza madzi amchere ongosakaniza kumene pambali, nkufanizira machubu awiriwo. Nitrite ili ndi mbiri yoopsa pakati pa oweta mbuna, ndipo m'pake, koma m'madzi amchere ululu wake umachepa kwambiri chifukwa chloride wochuluka amaitsekereza kulowa m'magazi a nsomba. Ntchito ya kiti ya nitrite ndi kungokuonetsani pomwe ulendo wafika, komanso kukuchenjezani kuti nambala ya nitrate musaikhulupirire, poti nitrite ikadalipo makiti ambiri a nitrate amawerenga mokokomeza.

Apa ndi pomwe ndimati musawononge ndalama. Bokosi la kampani ya API la madzi amchere, lomwe limakhala ndi pH, amoniya, nitrite ndi nitrate pamodzi, limakwanira bwino pa milungu imeneyi. Thanki ikapsa, amoniya ndi nitrite mudzaziyeza mwa apo ndi apo: nsomba ikafa mosadziwika bwino, kapena magetsi akazima nthawi yaitali mapampu nkuima. Chachiwirichi kuno si chachilendo, ndiye kiti yoyezera amoniya musaitaye. Kulinso kabaji ka Seachem kotchedwa Ammonia Alert komwe kamamatidwa mkati mwa galasi nkumasintha mtundu kokha, kothandiza kwambiri pa malo ngati a mphwanga, pomwe wodziwa za thanki ndi mmodzi koma odutsapo ndi ambiri.

Tsopano za mitundu ya makiti, chifukwa mtengo umasiyana pa chifukwa. Timapepala toviika n'tachangu koma manambala ake amalumpha patali, ndipo chinyezi cha kunyanja chikalowa m'kachitini kake, tonse tatha ntchito. Pa makorali ine sinditiwerengera. Kenako pali makiti odontheza mankhwala m'kachubu nkufanizira mtundu ndi khadi. Awa amadalira maso anu ndi kuwala komwe muli. Achitatu ndi omwe mumadontheza mankhwala pang'onopang'ono ndi sirinji mpaka madzi asinthe mtundu mwadzidzidzi, kenako nkuwerenga kuti mwathira ochuluka bwanji. Salifert ya ku Netherlands ndi Red Sea ndi odziwika pa mtundu umenewu, ndipo ubwino wake ndi wakuti simukangana ndi maso: kusintha kwake kumaoneka. Omaliza ndi timakina ta batire, monga ta Hanna totchedwa Checker, tomwe timawalitsa nyali kudutsa m'kabotolo nkukulemberani nambala. Tili ndi ulemu wake, koma kamodzi kamayeza chinthu chimodzi, kamafuna mankhwala akeake, ndipo chidindo cha chala pa kabotolo chimasintha yankho.

Pa zonse zomwe zimayezedwa m'thanki ya makorali, alkalinity ndi yomwe ndingaikepo ndalama yeniyeni, ndipo ndifotokoza chifukwa chake. Makorali olimba amamanga mafupa awo ndi calcium carbonate, mwala womwewo womwe amawotcha popanga laimu. Pomanga amatenga zinthu ziwiri m'madzi, calcium ndi carbonate, ndipo amazitenga pa mulingo wosasintha: pa 2.8 dKH iliyonse ya alkalinity amadya 20 ppm ya calcium. Taonani tsono kusiyana kwa nkhokwe ziwirizi. Calcium ilipo 420. Alkalinity ilipo 7 kapena 8 yokha. Makorali akadya 1 dKH, ndiye kuti achotsa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a nkhokwe yaing'onoyo, pomwe ku calcium achotsako 7 ppm yokha, yomwe makiti ambiri sangaione n'komwe. Zili ngati m'nyumba momwe muli matumba khumi a chimanga ndi kapaketi kamodzi ka mchere: chomwe chimayamba kukuuzani kuti alendo achuluka ndi mchere. Alkalinity ndi yomwe imayamba kutsika, ndipo ikatsika kapena kukwera mofulumira makorali, makamaka a nthambi monga Acropora, amayamba kusenda khungu kuchokera kunsi kapena kunsonga.

Mulingo wovomerezeka ndi kuyambira 7 mpaka 11 dKH, koma musauone ngati bwalo loti muzithamangamo. Thanki yokhazikika pa 7.5 mwezi wonse ili bwino kuposa yomwe Lolemba ili pa 7, Lachinayi pa 10. Ichi n'chifukwa chake kiti yake iyenera kuona kusintha kwakung'ono. Ya API imawerenga dontho limodzi ngati 1 dKH yathunthu, ndiye 7.1 ndi 7.9 kwa iyo ndi chimodzimodzi. Mungaichenjerere poika madzi owirikiza kawiri kuti dontho likhale theka la dKH, koma mankhwala amatha msanga. Ya sirinji ya Salifert kapena Red Sea imaona kusintha kosafika theka la dKH, ndipo pa thanki yoyamba imeneyo ndi yomwe ndingasankhe. Kachipangizo ka Hanna ka alkalinity ndi ka munthu yemwe akuyeza kangapo pa mlungu ndipo ali ndi njira yodalirika yopezera mankhwala ake. Chenjeraninso ndi miyeso: ena amalemba dKH, ena meq/L, ena ppm. 1 meq/L ndi 2.8 dKH, ndiponso ndi 50 ppm. Munthu akawerenga 2.8 pa kiti ya meq/L nkuganiza kuti ndi dKH, amathamangira kukhitchini kukatenga soda. Ndipo zoona, soda yemwe timathira m'therere amakweza alkalinity, oweta makorali padziko lonse amamugwiritsa ntchito. Koma kuthira chinthu chomwe simunayeze ndi kuponya mwala mumdima m'nyumba momwe muli ana.

Calcium ndi magnesium zingadikire. Ngati mukuyamba ndi makorali ofewa, omwe samanga mafupa olimba, ndipo mukusintha gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi mlungu uliwonse ndi mchere wabwino, ziwirizi zimadzisamala zokha kwa miyezi. Kiti ya calcium igulidwe pomwe mwaika makorali olimba kapena mwayamba kuthira zowonjezera alkalinity. Mufuna 380 mpaka 450 ppm. Magnesium, yomwe iyenera kukhala pakati pa 1,250 ndi 1,350, imasintha pang'onopang'ono moti kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Ntchito yake ndi kuletsa calcium ndi carbonate kugwirana zokha nkusanduka choko pa mapampu, choncho mukaona kuti mukuthira koma manambala sakukwera, iyeseni.

Nitrate ndi phosphate mlimi aliyense amazidziwa, kungoti amazidziwa pa thumba la 23:21:0+4S. Manambala awiri oyambawo ndi nitrogen ndi phosphorus. Zomwe zimabiriwitsa chimanga ku Khombedza ndi zomwezo zimameretsa ndere m'thanki mpaka kukwirira makorali. Kale anthu ankalimbana kuti ziwirizi zifike pa 0, koma zinaoneka kuti thanki yoyeretsetsa imafooketsa makorali ndipo imaitana tizilombo tina ta ulusi wabulauni totchedwa dinoflagellates, tovuta kuchotsa kuposa ndere. Lero ambiri amafuna nitrate ya pakati pa 2 ndi 10 ppm, ndi phosphate ya pakati pa 0.03 ndi 0.1 ppm. Yang'anani bwino nambala ya phosphate imeneyo, kenako yang'anani khadi la kiti yotchipa: limayamba 0, kenako nkulumphira pa 0.25. Dera lonse lomwe mukufuna kuona lili mkati mwa mpata umenewo. Apa ndi pomwe kachipangizo ka batire kamalipira mtengo wake, chifukwa diso la munthu silingasiyanitse buluu wosaoneka ndi buluu wosaonekeratu. Hanna ili ndi mitundu iwiri yoyeza phosphate yochepa kwambiri: wina umalemba phosphate mu ppm, wina umalemba phosphorus mu ppb. Pa wachiwiriwu muyenera kuchulukitsa katatu nkugawa ndi 1,000, moti 10 pa kachipangizo ndi pafupifupi 0.03 ppm. Komabe miyezi iwiri kapena itatu yoyamba thanki iliyonse imadutsa nyengo yonyansa ya ndere zabulauni ndi zobiriwira, ndipo palibe choyezera chomwe chingailetse.

Za pH sindikhalitsapo. Pakati pa 7.8 ndi 8.3 zili bwino, imatsika usiku nkukwera masana, ndipo ngati alkalinity ili pamalo pake koma pH ili pansi, vuto ndi mpweya wa m'chipinda. Mbaula yamakala m'nyumba yotseka mawindo, kapena chipinda chodyera chodzaza alendo, zimadzaza mpweya wa carbon dioxide womwe umalowa m'madzi. Tsegulani zenera. Mabotolo olembedwa kuti amakweza pH amangokweza alkalinity mwakabisira.

Chomwe mabuku a kunja sanena, chifukwa kwa iwo si vuto, ndi chakuti kiti si chipangizo chogula kamodzi. Ndi mankhwala, amatha, amaonongeka. Munthu wa ku London akaona botolo likutha amaitanitsa pa foni nkulandira mawa. Ife timadikira m'bale wochokera ku Joni pa basi, kapena phukusi lodzera ku Lilongwe, ndipo ena mwa mankhwalawa muli asidi kapena zowotcha moti onyamula katundu pa ndege ena amakana. Ndalama zakunja nazo ndi izi mukuzidziwa. Kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira mu madola kapena ma rand chimaluma. Ndiye posankha pakati pa makiti awiri, funso loyamba lisakhale lakuti yolondola kwambiri ndi iti, koma lakuti ikatha ndidzaipezanso bwanji, ndipo m'bokosi muli miyeso ingati. Uzani wokugulirani kuti ayang'ane tsiku lothera ntchito asanalipire, chifukwa kiti yotsala ndi miyezi inayi, ikayenda mwezi pa msewu, mwagula mavuto. Ikafika, musaisunge pawindo, m'galimoto, kapena m'kabati ya pansi pa thanki momwe muli chinyezi ndi kutentha kwa mapampu. Ikhale m'chipinda chozizirirako, mumdima, zitsekero zomangitsa, komanso kutali ndi ana, poti timabotolo timeneti timafanana ndi mankhwala a m'maso.

Ngakhale kiti yabwino imanama m'manja mwa wopupuluma. Tsukani kachubu ndi madzi a m'thanki musanayeze, ndi madzi oyera mukamaliza, osati sopo, chifukwa sopo wina amakhala ndi phosphate. Botolo podontheza liime chilili, madontho akhale ofanana. Pomwe alemba kuti khutchumulani masekondi 30, werengani 30. Botolo lachiwiri la nitrate la API lili ndi ufa womwe umakhazikika pansi, ndipo osalikhutchumula mokwanira mumapeza nitrate yochepa yabodza. Pomwe alemba kuti dikirani mphindi zisanu, ikani alamu. Mitundu muziiona pakhonde masana, kumbuyo kuli pepala loyera, osati pansi pa nyali zabuluu za thanki kapena tochi ya foni. Pa sirinji, kampweya komwe kamatsala pansi pa chokankhira n'kabwinobwino. Muziwerenga pa mphira wakuda, osati pa madzi. Muziyeza nthawi imodzimodzi ya tsiku. Ndipo nambala ikatuluka yodabwitsa pomwe nsomba zikusambira bwino ndipo makorali atambasuka, yezaninso musanathire kalikonse. Kope la sukulu lolembamo tsiku ndi manambala limaposa kachipangizo kalikonse, chifukwa alkalinity ya 7.8 payokha sinena kanthu, koma 8.4, 8.1, 7.8 milungu itatu yotsatizana ikukuuzani kuti makorali akudya 0.3 pa mlungu.

Pa chithunzi cha mphwanga panalinso makiti a ayodini, strontium, potassium ndi silicate. Amenewo ndinawadula ndi cholembera. Panali ya copper (mkuwa), yomwe ndi ya thanki yapadera yochizira nsomba zodwala. M'thanki ya makorali copper ndi poizoni, ndipo chofunika ndi kuonetsetsa kuti palibe paipi kapena mpopi wa mkuwa womwe ukukhudza madzi. Panalinso zotumiza madzi ku labotale za mtundu wa ICP, monga za Triton ndi ATI ku Germany, zomwe zimayeza zinthu makumi angapo nthawi imodzi. N'zabwino thanki ikakula nkuyamba kudwala mosadziwika, koma kuchokera ku Salima yankho limabwera madzi atasintha kale. Ndinamukumbutsanso kuti makorali olimba ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zachilengedwe zotetezedwa, ndipo sadutsa malire popanda zikalata, komanso kuti kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko muno kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nsomba. Abwana ake ayambe kuyenda m'maofesi thanki ikadali kupsa.

Mndandanda womwe unapita ku Joni unatsala ndi TDS meter, refractometer ndi kabotolo kake ka 35 ppt, ma thermometer awiri, bokosi limodzi la amoniya, nitrite, nitrate ndi pH, ndi kiti ya sirinji ya alkalinity. Calcium, magnesium ndi kachipangizo ka phosphate zidzabwera ndi ulendo wa Khirisimasi. Ndalama yomwe inatsala ndinamuuza kuti aiike pa batire ndi inivete yoyendetsa mapampu magetsi akazima. Dzulo wanditumizira chithunzi cha tsamba loyamba la kope lake: mchere 35, kutentha 28.5, amoniya 2, nitrite 0, ndipo m'munsi walemba kuti alendo akudandaula ndi fungo la usipa.